Apongozi pa Mzere wa Katemera

Jailos Namakhwa anagwira ntchito yotemera nthomba m'boma la Mulanje zaka makumi awiri ndi zitatu. Okalamba ambiri a ku Limbuli ndi ku Milonde ali ndi chipsera chake pamkono wakumanzere. Sanali wolankhulalankhula. Ankafika panjinga, kuyala zida zake pamthunzi, kukanda mkono ndi singano, n'kuti, "Musapukute. Wina." Ana ankamuthawa. Akuluakulu ankati ndi wouma mtima. Zoona zake n'zakuti anali munthu wamantha, ndipo manthawo anali ndi pochokera.

Sanabadwire kuno. Anabadwira kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, m'dziko la Apwitikizi, ndipo kumeneko dzina lake linali lina. Anakwatira ali mnyamata. Mkazi wake anali Sabina, ndipo anakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo monga amachitira Alomwe. Zaka ziwiri analimira apongozi ake chinangwa ndi nandolo osawayang'ana kumaso. Mwambo unali wotero. Mkamwini ndi mayi wa mkazi wake sayang'anana, sakhudzana, sadutsana panjira. Akatulukirana, mayiyo amafunda nsalu kumutu n'kupatukira kutchire, mkamwini n'kutembenuka, kunyonyomala, kudikira. Palibe amene amaganiza kaye asanachite zimenezi. Thupi limangochita lokha.

Mu 1943 masipayi, apolisi achikuda a Apwitikizi, anabwera kudzatenga amuna okalambula msewu. Inali ntchito yokakamiza: miyezi isanu ndi umodzi, chingwe m'chiuno, ufa wofumbwa. Wolephera muyeso wa tsikulo ankalandira mbalamatodya, thabwa lobowolabowola lomenyera m'zikhatho mpaka khungu kuphulika. Mwezi wachinayi anathawa. Kapitawo atamugwira malaya, iye anamutchaya ndi mpini wa khasu m'mutu, ndipo sanacheuke kuti aone ngati wadzuka. Anawoloka Muloza madzi akumufika m'khosi. Kuyambira tsikulo anali ndi milandu iwiri kutsidyako, wothawa ntchito ndi wa mpini uja.

Kuno anayamba ndi kutchola tiyi. Kalaliki wa pa esiteti anamulemba kuti Jailos chifukwa dzina lakwawo linamuvuta. Kenako anamuika kosesa pa kachipatala ka pa esitetipo. Anaphunzira kuwiritsa masingano, kumanga mabala, ndi kuwerenga pang'ono. Mu 1951 boma linamutenga kukhala wotemera. Anakwatira Anesi wa ku Limbuli, nabereka ana atatu, woyamba Lenard. Anesi yekha ndiye ankadziwa za mpini.

Chilimwe cha 1957 nthomba inabuka m'midzi ya m'malire. Inayambira kutsidya kapena kuno, palibe anadziwa. Vuto linali lakuti anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Otemera akafika kuno, oopa singano ankawolokera kwa abale awo. Apwitikizi akayamba kutemera kwawo, omwewo ankawolokera kuno. Nthenda inkayenda nawo, pamsana pa ana. Ku Milonde banja lina linaika maliro anayi mwezi umodzi.

Ndiye dokotala wa ku boma ndi mnzake wa ku Milanje kwa Apwitikizi anakumana, nagwirizana zoti mbali zonse zitemere masiku amodzimodzi, kuti wothawa asowe kothawira. Apwitikizi anali ndi otemera ochepa, mankhwala awonso anali ochepa, choncho a kuno anavomera kubwereketsa anthu. Analemba pepala m'zinenero ziwiri. Linati pamalo otemerera pasakhale mfuti, pasafunsidwe za msonkho, ndipo wowoloka m'mawa abwerere kwawo tsiku lomwelo.

Mkulu wa otemera anali Robson Kalinde wa ku Chiradzulu, munthu wonenepa, wokonda nthabwala. Ndiye anabweretsa uthengawo.

"A Namakhwa, Lachiwiri tikuwoloka, ine ndi inu."

"Tengani wotemera mnzathu Lackson."

"Lackson Chilomwe chake n'chogulira nsomba pamsika. Inu munachita kuyamwa."

"Mwendo ukundivuta."

"Uti? Dzana mwapalasa njinga kuchokera ku Nkando, ine ndikuchita kuwefuka m'mbuyo mwanu. Dzina lanu adokotala alemba kale, achimwene. Lili papepala la zidindo ziwiri. Kodi kutsidyako munasiyako mkazi?"

Robson anaseka yekha. Kenako anawerenga mayina a midzi isanu imene anthu ake adzasonkhanitsidwe pamalo amodzi pafupi ndi mtsinje. Wachitatu unali mudzi wa Sabina. Kukana Jailos sakanatha popanda kunena chifukwa, ndipo ankaopa kuti boma likamva za kapitawo uja limuchotsa ntchito, mwinanso kumupereka lokha kwa Apwitikizi, popeza tsopano maboma awiriwa ankagwirana chanza.

Anesi anamva nkhaniyo akusenda chinangwa. Anaika mpeni pansi.

"Musapite, bambo a Lenard."

"Ndayesa. Akana."

"Akakugwirani, amakupititsani kuti?"

"Ena amati kunyanja yamchere, kuzilumba. Sindinaone amene anabwerako."

"Ndiye?"

"Papita zaka khumi ndi zinayi. Ndinachoka ndili ngati bango, wopanda ndevu. Ndivala chipewa."

"Amene anakumenyani akhoza kuiwala," anatero Anesi. "Amene munawalimira sangaiwale."

Mankhwala a katemera ankabwera m'timachubu tagalasi tating'ono ngati udzu. Akatenthedwa amafa, ndipo ukatemera nawo wangomukanda munthu chabe. Otemera ankabowola thunthu la nthochi, kulowetsamo timachubuto, n'kukulunga ndi saka lonyowa. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Choncho m'mawa wa Lachiwiri, asanawoloke, anagawa mankhwalawo pawiri. Theka analinyamula m'thunthu. Theka lina Jailos analitsekera m'botolo, kulimanga chingwe, n'kulimiza pansi pa mwala m'kamtsinje kozizira kochokera m'phiri, mbali ya kuno, kuti akalitenge loyambalo likatha.

Muloza unali wolekeza m'mawondo. Jailos anawoloka nsapato zili m'manja.

Kutsidya anawalandira mzungu wa chipatala cha ku Milanje, wamfupi, wathukuta, wodziwa mawu a Chinyanja osapitirira khumi. Anali ndi masipayi asanu, opanda mfuti monga pepala linanenera, koma aliyense ndi chikoti. Mkulu wawo ankamutcha kabo. Anali Mlomwe wa imvi, wamaso ang'onoang'ono, chingwe chopota chikulendewera palamba. Jailos anamuyang'ana kamodzi, naona kuti sakumudziwa. Anapumako pang'ono.

Anaika tebulo pansi pa mitengo ya mango. Anthu anali atakusidwa kale, mazana angapo, atakhala phee padzuwa. Anapanga mizere iwiri, wina wa Robson, wina wa Jailos. Jailos anatsitsa chipewa mpaka m'nsidze, natsimikiza mtima kuti aziyang'ana mikono yokha. Kupukuta, kudontheza, kukanda, kuwotcha singano pamoto wa nyale. Wina. Akafunika kulankhula Chilomwe ankachipotoza dala, ngati munthu wochiphunzirira pa esiteti.

Koma makutu sakanawatseka. Anamva chifuwa cha munthu wina nachizindikira. Anagwira mkono wa bambo wina wokhala ndi chipsera cha nkhwangwa pachigongono, nakumbukira tsiku limene nkhwangwayo inaphonya mtengo. Bamboyo anangoyang'ana pansi, nachoka. Kaya anamudziwa kaya ayi. Jailos anapitiriza.

Dzuwa lili pamutu, mzere unaima. Jailos anadikira mkono wotsatira koma sunabwere. Anakweza maso.

Panali mayi wokalamba, wowerama, anthu atatu okha patsogolo pake. Anali atamuona. Sanafuule, sanatchule dzina. Anangokoka nsalu yake kufunda kumutu, kutuluka mumzere, kulowa m'udzu, n'kugwada atafulatira.

Sipayi wina wachinyamata anathamangira komweko chikoti chili m'mwamba. "Iwe gogo, ukuthawa singano? Dzuka!"

Jailos sanamve zimenezo bwinobwino. Pamene anazindikira, anali atatembenuka kale, atanyonyomala kuseri kwa tebulo, chipewa chili m'manja, maso ali pansi, singano itagwera m'fumbi. Zaka khumi ndi zinayi, yunifolomu ya boma, dzina latsopano, zonsezo sizinauze mawondo ake kanthu.

Mzere wonse unaona zimenezi. Panalibe Mlomwe pamenepo amene sanamve tanthauzo lake.

"Msiye," anatero kabo kwa mnyamata uja, mosakweza mawu. "Sakuopa singano ameneyo. Mupititse kumzere winawo."

Mzungu anali uko akulemba m'buku lake ndipo sanaone kanthu. Robson anaona koma sanamvetse. Anayesa kuti mnzake akutola singano. Kabo anayenda pang'onopang'ono kufika patebulo, naima pambali pa Jailos ngati wofuna mthunzi. Analankhula m'Chilomwe cha kwawo, chosapotoza.

"Dzuka, mkamwini. Apongozi adutsa."

Jailos anadzuka, navala chipewa.

"Mayi ameneyu ndikumudziwa. Anali ndi akamwini awiri. Wina tinamuika chaka chatha. Winayo anathawa kumsewu atasiya kapitawo ali gone m'ngalande. Iwe sukuoneka ngati womwalira."

"Ndine Jailos Namakhwa wa boma la Nyasalande. Pepala lili apo."

"Pepalalo likunena za Jailos. Jailos abwerera kwawo, ine ndilibe naye mlandu. Amene ndim'mange ndi wina." Anagwira chingwe cha palamba. "Uyu wachipatalayu sindimuuza, angandisokoneze ndi mapepala ake. Bwana wa boma akubwera ndi galimoto dzuwa likapendeka kudzaona ntchito. Ameneyo ndiye amakonda mphatso zotere. Tsiriza mzere wako. Uli ndi dzanja labwino."

Anakakhala pamuzu wa mango, pamalo poti aziona msana wa Jailos ndi njira ya kumtsinje.

Kuyambira pamenepo Jailos anayamba kuyang'ana mzere. M'mawa unkazungulira mitengo mpaka kumunda wa chinangwa. Tsopano unkalekeza pachulu. Mkono uliwonse umene ankakanda unkamufikitsa pafupi ndi chingwe. Anayesa kuchedwetsa, kupukuta kawiri, kuwotcha singano nthawi yaitali. Mzungu anaomba m'manja, "Msanga, msanga!" Anthu a mumzeremo tsopano onse ankayang'ana pansi. Anaganiza zothamanga, koma mtsinje unali patali ngati kuchokera pamsika kufika kutchalitchi, ndipo masipayi awiri anali anyamata.

Anakanda mwana wina mozama mpaka magazi kutuluka.

"A Namakhwa, mukupha nkhuku kodi?" anatero Robson. "Magazi akatuluka mankhwala sagwira. Mwaiwala?"

Jailos anasendera pafupi ngati akutenga kachubu kena. Analankhula m'Chinyanja, milomo yokha.

"Mayi uja ndi apongozi anga. Ndinathawa kuno. Ndinamenya munthu. Kabo wadziwa. Mzere ukatha andimanga."

Robson sanatembenuke. Anatsiriza mkono umene anagwira, naitana wina. Nthabwala zinamuthera. Patapita kanthawi anafunsa, maso ali pantchito, "Anafa?"

"Sindidziwa."

Robson anatemera anthu ena awiri. Kenako Jailos anamuona akukankha thunthu la nthochi lija ndi phazi, pang'onopang'ono, kulichotsa pansi pa tebulo mpaka linatulukira padzuwa kuseri kwa thumba la zida. Saka analipalasa ndi chidendene mpaka linavundukuka. Timachubu timene tinali patebulo anapitiriza kutemera nato. Titatha, anawerama, kutola thunthu lija, nafuula mokwiya ngati waona njoka.

"Senyoro! Bwerani muone!"

Mzungu anabwera. Robson anasolola kachubu kamodzi nakagunditsa patsaya la mzunguyo. Kanali kotentha ngati kachokera m'thumba la malaya. Mzunguyo anatukwana m'chinenero chake. Ankaidziwa ntchito, sanafunikire womasulira. Robson analoza kutsidya, nayerekeza botolo ndi manja, naloza Jailos.

"Uyu ndiye anabisa. Ine sindidziwa mwala wake."

"Pita!" anatero mzungu kwa Jailos. "Msanga!"

Kabo anaimirira, nayamba kunena zina m'Chipwitikizi. Mzunguyo anamudula ndi dzanja, akuloza anthu odikira ndi dzuwa. Kabo anameza mawu ake. Anangoti amuperekeza Jailos, ndipo mzungu sanasamale.

Anayenda awiri, Jailos patsogolo. Ankamva mpweya wa kabo m'khosi mwake. Njira yonse anadikira chingwe, koma sichinabwere, chifukwa kabo sakanabwerera kwa mzungu wopanda botolo. Pagombe anamuimitsa.

"Nsapato. Chipewa. Chitupa chako." Jailos anapereka. "Ine ndi yunifolomu iyi sindiponda kwa Angerezi, ukudziwa. Koma tamvera. Apongozi ako ali m'manja mwanga. Mkazi wako wakale alinso konko ndi ana a mwamuna wina. Ukapanda kubwerera, zikhatho za gogo uja ndi zimene zilipire. Pita."

Jailos analowa m'madzi. Sanathamange, ngakhale miyendo inkafuna. Atafika mbali ya kuno anagwira udzu, nakhala pansi kaye. Pamenepo panali amayi anayi a ku Limbuli akuviika chinangwa. Mmodzi anamuzindikira.

"A Katemera, nsapato mwagulitsa kwa Apwitikizi?"

Jailos anapita kukamtsinje kaja, kuvuula botolo, n'kubwerera nalo pagombe. Anaima. Kutsidya kabo anali chilili, nsapato zili m'manja. Jailos anaganiza za Lenard ndi azing'ono ake. Anaganizanso za zikhatho za mayi wokalamba amene sanamulakwire kanthu koma kumupatsa ulemu. Analowanso m'madzi mpaka pamwala wa pakati pa mtsinje, naikapo botolo, nabwerera cham'mbuyo osamufulatira kabo.

"Bweretsa kuno, galu iwe!"

"Tengani, a kabo. Msanga, lingatenthe."

"Ndati gogo uja..."

"Ndamva. Tsono inunso mundimvere." Mawu ake anamveka kutsidya. "Amene akudziwa ndinu nokha ndi anthu akumudzi, ndipo iwo sanena. Mukawamenya amayi aja, bwana wa boma afunsa chifukwa. Mudzamuuza kuti munali naye m'manja munthu womenya kapitawo, kuyambira masana, ndipo munam'perekeza nokha mpaka pamtsinje? Mbalamatodya sasankha zikhatho. Ndinaonapo kabo akumenyedwa pamaso pa anyamata ake. Inunso munaonapo."

Nkhope ya kabo inachita mdima.

Amayi aja anali atasiya chinangwa. "Lowani m'madzi, a kabo, tikusambitseni!" anafuula mmodzi. "Kapena mukuopa nkhanu?" Anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa.

Kabo anavula nsapato zake, napinda kabudula, nalowa. Anatenga botolo pamwala. Pamenepo anali pafupi kwambiri, moti Jailos ankaona mitsempha ya m'khosi mwake.

"Ndidzakupeza," anatero kabo motsitsa. "Msika wa ku Limbuli ndimaudziwa. Sindivala yunifolomu masiku onse."

Anatembenuka, nawoloka, nalowa m'njira ya kumango.

Jailos anakhala pagombe, wopanda nsapato, wopanda chipewa. Amayi aja ananyamula madengu awo n'kumapita. Sanadziwe ngati mawu ake agwira. Kabo akanatha kupsa mtima osaganizanso za zikhatho zake. Dzuwa litapendeka anamva galimoto kutsidya. Inaima. Anatchera khutu kudikira kulira kwa munthu. Kunkamveka ana okha, monga amalirira pakatemera paliponse. Galimoto inakhalitsa. Kenako inalira n'kuchoka.

Robson anatulukira dzuwa lili pafupi kulowa, matumba awiri paphewa, nsapato za Jailos zitamangidwa m'khosi. Anawoloka mwakachetechete, naponya nsapatozo pamchenga, natulutsa chitupa m'thumba la malaya.

"Chipewa wakana nacho."

"Amayi aja?"

"Ndawatemera ndekha. Apita kwawo ndi miyendo yawo."

"Kabo wanena chiyani?"

"Wauza mzungu kuti mwagwa ndi malungo pamtsinje, wakusiyani mukusanza. Bwana wa boma atafika, kabo anangoima ngati mtengo." Robson anakhala pansi, napukuta nkhope. "Mankhwala sanakwane, a Namakhwa. Anthu makumi atatu ndi mphambu abwerera osatemeredwa. Mankhwala amene ndinawotcha padzuwa aja akanawakwanira."

Jailos anatola nsapato zake. Robson anapitiriza.

"Ndikanadziwa Lolemba, bwenzi nditapeza njira ina. Munthu mumakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi, kudyera mbale imodzi, osakuuza."

"Mukanauza adokotala."

"Mwina." Robson anadzuka. "Valani nsapato. Malungo anuwo akhale milungu iwiri. Ndikalemba choncho."

Ntchito ya m'malire inapitirira masiku ena asanu popanda iye. Nthomba inazilala mvula itayamba. Ngati ena mwa anthu makumi atatu aja anadwala, uthenga wake sunawoloke. Robson anamusamutsira mbali ya ku Nkando, kutali ndi mtsinje, ndipo nkhaniyi sanaikambenso mpaka onse anapuma ntchito.

Jailos anatemera anthu mpaka 1974. Muloza sanawolokenso, ngakhale Apwitikizi atachoka. Nyumba yake inali pafupi ndi msika wa ku Limbuli, kumene anthu akutsidya amabwera ndi nsomba ndi nyemba, koma tsiku la msika iye ankakhala kuseri kwa nyumba, kumene ankatha kuona njira asanaonedwe. Mlendo wa imvi akafunsa njira pakhomo, Anesi ndiye ankatuluka kukayankha. Kabo uja sanabwere. Jailos anamudikira mpaka imfa yake.